Chipewa cha Adadi

Mayi ake a Buleki anandiitanira tiyi kuti andiuze kuti ndisiye bambo anga. Anatulutsa makapu a alendo, aja a maluwa okhala m'kabati chaka chonse, ndipo nditangowaona ndinadziwa kuti lero kulibe zocheza.

"Khala apo, mwana wanga," anatero, akuloza mpando wotalikirana ndi mwana wawo.

Buleki ndi chibwenzi changa, mphunzitsi wa pasukulu yoyendetsa galimoto. Dzinalo ndinamupatsa ndine, chifukwa milungu itatu yoyamba ya maphunziro anga mawu okha amene ankatuluka m'kamwa mwake anali akuti, "Buleki, achemwali, buleki!" Tsopano anali atakhala pasofa manja ali pakati pa miyendo, ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi.

"Ine sindikudana nawe ayi," mayiwo anayamba. "Ndiwe mwana waulemu, ntchito uli nayo, mphete wakuveka kale. Koma dzulo kukwaya munthu wandionetsa nyuzipepala. Bambo ako ali mu unyolo, iwe uli kumbuyo kwawo kwenikweni, mutu uli m'mwamba ngati ukukalandira satifiketi."

"Ndikanawerama chifukwa chiyani, Mayi? Sindinabe kanthu ine."

"Amene anamwalirawo ndi mayi ako, iwe."

"Ndikudziwa. Diresi limene anaikidwa nalo ndinasita ndine."

Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri chimwalirireni amayi. Adadi ndi amisiri a zamagetsi, zaka makumi atatu akulumikiza mawaya m'nyumba za anthu. Lachinayi lina masana anamasula soketi ya kukhitchini kwathu, mawaya n'kukhala pamtunda, iwo n'kuthamangira kuhadiweya kukafuna yatsopano. Amayi anaona mpata wotsuka khoma la kuseri kwa firiji. Adadi pobwera anawapeza ali pansi, nsanza yonyowa ili m'manja, swichi yaikulu ya pakhonde ili yoyatsa.

Apolisi sanavutike n'kuganiza komwe. Aneba anali atamva awiriwo akukangana m'mawa wa tsikulo, ndipo mayi aang'ono anakalumbira kuti mkulu wawo ankafuna kuthetsa banja. Kuhadiweya soketiyo kunalibe, choncho adadi analibe ngakhale lisiti loti aonetse. Basi, wapha mkazi wake.

Koma kwathu kuli lamulo limene ine ndi mlongo wanga tinalidziwa tisanadziwe kumanga nsapato. Adadi akazimitsa swichi yaikulu, amakolekapo chipewa chawo. Chipewa chikakhala pa swichi palibe amene amayatsa, kaya nyama iwole m'firiji, kaya mpira uli pa kanema. Adadi akuti tsikulo anachikoleka. Apolisi anachipeza pampando wa pakhonde, chili phee. Mlandu wonse wagona pamenepo: iwo akuti adadi akunama, ine ndikuti pali wina anachichotsa.

"Chimene ndikupempha n'chochepa," mayiwo anapitiriza, akundithirira tiyi wina ndisanamalize woyamba. "Usiye kupita kundende. Mlandu ukayamba usakakhale kumbuyo kwawo. Ukatero, ukwati wanu ndivina patsogolo ndine."

Ndinaika kapu pansi bwinobwino, kuopa kuti ingasweke m'manja mwanga momwemo.

"Tiyi wanu ndi wokoma, Mayi. Koma mawa ndi Loweruka, ndipo ine Loweruka ndimapita kukaona adadi."

"Ndimuperekeza ndine," Buleki anatero chapansipansi.

"Iwe makamaka khala chete!" Mayi ake anatembenuka ndi liwiro moti supuni inagwa. Ndinkayembekezera kuona ukali pankhope pawo, koma chimene ndinaona chinali mantha, ndipo ndinadabwa.

*

Tinabwerera pa galimoto ya sukulu, ija ya L wofiira kumbuyo.

"Unayankha bwino," Buleki anatero titayenda kamtunda ndithu.

"Iwe unayankha mochedwa."

"Ndimadikira roboti isinthe."

Ndinaseka ndisakufuna. Vuto la mnyamata ameneyu ndi limenelo, ndikati ndimupsere mtima amandiseketsa. Ndipo ndinene zoona, ndinkamukonda mopanda manyazi. Maliro atatha, anzanga anasowa mmodzimmodzi, ngakhale amene tinkabwerekana nsapato. Buleki anatsala. Anabweza mipando ya pamaliro, anakonza loko wa chitseko chimene apolisi anathyola, ndipo Loweruka lililonse ankatitengera kundende ine ndi mlongo wanga. Chokhacho, pageti sankadutsa. Ankatidikira m'galimoto, ati fungo la m'katimo limamupweteketsa mutu.

"Mawa ulowe," ndinamuuza. "Adadi akufuna aone amene wandiveka mphete. Ayamba kuganiza kuti ndinagula ndekha."

"Sabata yamawa."

"Sabata yamawa yakoyo sifika?"

Anakhotera pamalo omwetsera mafuta n'kutsika kukapopa tayala. Foni yake inali pampando, ndipo inawala ndili kuiyang'ana. Sindine munthu wofufuza m'mafoni a anthu, koma maso alibe chitseko. Meseji inachokera kwa Zikhadabo, mlembi wa pasukulu yawo ija, mtsikana amene zikhadabo zake zimafika pakhomo iye asanafike. Kuyambira kale amamuyang'ana Buleki ngati keke ya m'galasi.

"Amayi ako andiimbira. Chonde usamuuze. Ukamuuza wadzipha wekha. Ine ndilipo."

Atabwerera ndinamuikira foniyo pamiyendo.

"Usandiuze chiyani?"

Anawerenga, nkhope n'kuchita mbuu. "Ndi za ntchito."

"Ntchito yake iti imene amayi ako amaimbira mlembi wa paofesi? Ayamba kuphunzira galimoto?"

"Chonde, osati lero."

"Ali ndi mimba?"

"Ayi! Iwe, ayi!"

"Ndiye n'chiyani?"

Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kuyang'ana kutsogolo, galimoto ili yozima. Ndinamupatsa mphindi yathunthu. Kenako ndinatsegula chitseko, ndinatsika, ndinakakwera minibasi, mtima ukuwawa ngati wathiridwa tsabola.

*

Loweruka m'mawa mameseji ake anayamba ndisanasambe.

"Ndili pageti panu."

"Yankha foni."

"Mwadzera kuseri eti? Mukupita pa chiyani?"

Ndinayankha kamodzi kokha: "Ndi za ntchito."

Pamzere wa kundende tinaima ine ndi mlongo wanga, jumbo ya sopo, buledi ndi mankhwala a adadi ili m'manja. Mlongo wangayo ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wamtali ngati adadi, wosalankhulalankhula ngati amayi. Anadikira mpaka titayandikira tebulo la msilikali wosecha katundu.

"Achemwali, ndifunse?"

"Funsa."

"Nanga zitapezeka kuti adadi anachitadi?"

Anthu ambiri andifunsa funso limenelo, ena ndi pakamwa, ena ndi maso, ndipo onse ndinawayankha mwachipongwe. Koma uyu anali wanga, ndiye ndinamuuza zoona. Adadi si mngelo. Amakalipa, amasunga chakukhosi mpaka sabata, ndipo mikangano yawo ndi amayi tinkaimva tonse kudzera pakhoma. Ine sindiikira kumbuyo pakamwa pawo, ndikuikira kumbuyo manja awo. Munthu amene amayeza waya kawiri ndi tesita ngakhale wazimitsa yekha. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinakwera pampando kuti ndichotse chipewa chija ndionere zidole pa kanema. Sanandimenye. Anandikhazika pamiyendo, anandionetsa chipsera cha m'dzanja lawo, n'kulira. Bambo wamkulu kulira chifukwa cha chinthu chimene sichinachitike n'komwe.

"Tataya kale mmodzi," ndinamuuza. "Anthu akufuna winayu timutaye tokha ndi manja athu, kuti nkhani yawo ikome. Ine ayi."

"Koma atachitadi?"

"Ndikanabwerabe ndi sopo, n'kuwafunsa m'maso muli gwa. Koma sanachite. Gwira jumboyi, mzere wayenda."

Adadi anatulukira kuseri kwa waya atavala zoyera za m'ndende zimene zinkawakhwepa kale m'mapewa. Atationa anamwetulira ngati tawapeza pakhonde pathu.

"Injiniya!" Ndi mmene amanditchulira chiyambire ndili mwana. "Wabwera ndi bwana wamkulu. Nanga mkamwini wanga wosaoneka uja?"

"Watanganidwa, adadi."

"Atanganidwe ndithu, koma amuuze kuti ine sindiluma."

Kenako anatsitsa mawu. A loya anali atabwera Lachinayi. Mlandu uyamba Lachitatu likudzali, ndipo popanda mboni yoona za chipewa, zinthu sizili bwino. Malangizo awo anali akuti adadi avomere kuti anaiwala kuzimitsa, mlandu usanduke wakupha mwangozi, zaka zichepe. Akapanda kutero, akhoza kukalambira momwemo. Yankho ankalifuna Lolemba m'mawa, ndipo wokalipereka ndinali ine.

"Vomerani, adadi," mlongo wanga anatero. "Vomerani mudzatuluke basi. Ife tikudziwa zoona zake."

Adadi anatembenukira kwa iye.

"Ndivomere kuti ndinasiya mawaya amoyo m'khitchini ya mayi ako, ine n'kupita kokayenda? Mkazi amene ndakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi? Tinkakangana, inde. Ndani sakangana? Koma chipewa ndinachikoleka, mwana wanga. Ndikukumbuka chifukwa dzuwa linandiwotcha dazi njira yonse ya kuhadiweya, ndikutukwana."

Tinaseka tonse atatu, misozi ili m'maso, mpaka msilikali anatiyang'ana.

"Injiniya, ukawauze a loya kuti ayi."

"Ndikawauza, adadi."

*

Kuchoka kundende sindinapite kunyumba. Ndinapita ku ofesi ya sukulu yoyendetsa galimoto, podziwa kuti Loweruka masana Buleki amakhala pamsewu ndi ophunzira. Zikhadabo anali yekha kuseri kwa desiki, akupaka utoto chala chamkombaphala, buku lalikulu lolembamo magalimoto otuluka lili pambali.

"Tikuthandizeni, asisi? Laisensi munatenga kale, si choncho?"

"Ndabwera kuti mundiuze chimene mukumuletsa kundiuza."

Anauzira chala chija pang'onopang'ono.

"Mumawerenga mameseji a eni? Ndi zimene amaphunzitsa kwanu?"

"Kwathu amaphunzitsa kusalembera amuna a eni."

"Amuna a eni?" Anaseka. "Mphete si ukwati, asisi. Inu mwamuona mnyamata uja mmene waondera? Mumadziwa kuti sadya? Mumadziwa kuti akakubwezani kuchokera kundende kwanuko amabwera pano n'kukhala pampando uwo? Simudziwa. Inu mumangodziwa adadi, adadi."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali ndi zoona pang'ono. Koma sindinafune aone.

"Ndi bambo anga. Mukadakhala nawo anu mukanamvetsa."

"Ndili nawo, ndipo sali mu unyolo." Anatseka kabotolo kake. "Pali zinthu zimene amandiuza ine zimene inu sangakuuzeni mpaka kalekale. Musiyeni apume. Mukamukonda, musiyeni."

"Ndikamusiya mumutole?"

"Bwanji osatero?"

Ndinayang'ana zikhadabo zija, ndinayang'ana buku lija, ndinayeza ngati ndende ingatikwane ine ndi adadi tonse awiri. Kenako ndinatuluka, chitseko n'kuchisiya chotsegula dala kuti adzuke akatseke yekha.

Panja ndinalemba meseji: "Mawa 3 koloko pabwalo lophunzirira. Ubwere ndi zoona, apo ayi usabwere."

*

Bwalo lophunzirira ndi pamene tinadziwana, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, pamene pali migolo ndi mitengo yophunzirira kubwerera m'mbuyo. Lamulungu pamakhala popanda munthu. Ndinamupeza atakhala pamgolo, ndevu zosameta, malaya omwe aja a Lachisanu.

"Ngati ndi mtsikana uja, nena msanga," ndinayamba. "Ndili ndi mlandu Lachitatu, ndilibe nthawi yolirira amuna."

"Si mtsikana uja."

"Ndiye?"

"Khala pansi."

"Ndiima."

Anapukuta kumaso ndi manja onse awiri.

"Ukukumbuka uli pamaphunziro, unaiwala laisensi yako yophunzirira m'galimoto? Tinali titangoyamba kumene. Unkandiletsa kubwera kwanu, uti adadi ako ndi ovuta."

"Unandipatsa patapita sabata. Ndiye?"

"Ndinabwera nayo kwanu kaye. Lachinayi lija."

Mphepo inkakankha kachitini penapake kuseri kwa migolo, ndipo ndinkakamva bwinobwino.

"Ndinkaganiza kuti waweruka msanga. Ndinkafuna ndikudzidzimutse, mwinanso ndipereke moni kwa amayi ako, andione kuti ndine munthu. Ndinavala mpaka tayi. Ndinafika pakhonde, ndinakanikiza belu, silinalire. Ndinakanikizanso, zii. Ndiye ndinaona bokosi la magetsi pambali pa chitseko, swichi ili pansi, chipewa chili pamwamba pake. Ndinaganiza kuti yangodzizimitsa yokha, ngati mmene imachitira kwathu, ndipo wina wangokolekapo chipewa posowa msomali."

"Usapitirize."

"Ndinachichotsa, ndinachiika pampando bwinobwino kuti chisade. Ndinakweza swichi. Ndinakanikiza belu, linalira. Ndinasangalala, iwe, ndinati ndawathandiza. Palibe anatsegula. Ndinadikira pang'ono, mantha n'kundigwira kuti atsegula ndi adadi ako, ndiye ndinathawa. Madzulo ake unandiimbira ukulira."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ine amene ndinati ndiima.

"Za chipewa ndinazimva pamaliro, mlongo wako akufotokozera anthu. Ndinapita kuseri kwa nyumba ndinasanza. Ndinawauza amayi sabata yomweyo, anandigwadira, anandigwira miyendo, ati ndikalankhula iwo afa. Mtsikana uja anangozindikira yekha, buku lake likuonetsa nthawi imene ndinatulutsa galimoto."

"Miyezi isanu ndi iwiri," ndinatero. Mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina. "Miyezi isanu ndi iwiri ukutisiya pageti la ndende, iwe n'kukhala m'galimoto kumamvera wailesi. Adadi akugona pasimenti. Mayi aang'ono akutilavulira. Ine ndikukuwa pamaso pa dziko lonse kuti wina anachotsa chipewa, winayo akundigwira dzanja!"

"Tsiku lililonse ndimati ndikuuza."

"Sabata yamawa!"

Anayamba kulira, ndipo ine ndinapsa mtima kwambiri chifukwa ndinkafuna kumugwira. Munthu amene anandiphera amayi ndi ulemu wake wopusa, ine manja akuyabwa kuti ndimupukute misozi. Ndinawakhalira manjawo.

"Ndiuze chinthu chimodzi. Mipando ija, loko uja, mphete iyi. Chinali chikondi kapena chipepeso?"

"Ndinakukonda ndisanakanikize belu lija. Tayi ndinavalira ndani?"

"Ndiye mawa 8 koloko tikumane kwa a loya. Ukanene zimene wandiuzazi, mawu ndi mawu."

"Andimanga."

"Mwina. Sunafune kupha munthu, a loya akudziwa mmene angayankhulire. Koma akakumanga, ndizibwera ndi sopo Loweruka lililonse. Njira ndikuidziwa, asilikali akundidziwa, nyuzipepala indijambulenso ndili kumbuyo kwako. Ine sindithawa anthu anga. Koma adadi sakalambira m'ndende chifukwa cha iwe."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Ungandidikire? Ine?"

"Usandifunse zambiri lero. Ubwera kapena subwera?"

"Ndibwera."

Ndinadzuka, ndinasasa fumbi pasiketi, ndinapita osacheuka. Mphete sindinavule, ndipo musandifunse chifukwa chake.

*

Ofesi ya a loya ili pamwamba pa sitolo yogulitsa nsalu, kumapeto kwa kanjira kopapatiza kokhala ndi benchi limodzi. Ndinafika nthawi isanakwane. Mlongo wanga sindinamuuze kanthu, chifukwa ndinkadziwa kuti akanapita kukamusaka Buleki ndi sipanala. Meseji inali italowa ndili m'minibasi: "Ndikuvala. Ndikubwera."

8 koloko inakwana. Inadutsa. Ndinaimba, foni yake inali yozima. Ndinaimbanso, ngati kuti foni yozima imayaka ndi kuumirira.

Kenako ndinamva nsapato pamasitepe, ndipo mtima unadumpha. Koma zinali nsapato za anthu awiri, zonse za akazi. Patsogolo panali mayi ake a Buleki, chikwama chili m'khwapa. Kumbuyo kwawo Zikhadabo, atakumbatira buku lalikulu lija pachifuwa.

"Sabwera," mayiwo anatero, akupuma movutikira.

"Ali kuti?"

"Kupolisi. Tachokera komweko."

"Wakadzipereka yekha?"

Anayankha ndi Zikhadabo, ndipo sanachite n'komwe manyazi.

"Ndapereka sitetimenti, asisi. Lachinayi lija masana onse anali ndi ine, kuchipinda kwanga. Galimoto anatulutsira kumeneko, ndipo m'buku mwalembedwa choncho. Zimene anakuuzani dzulo ndi zolankhula za munthu wodwala maganizo, wofuna kukusangalatsani. Amene angamunamizire, mboni ndine."

"Mwafufuta buku?"

"Ndakonza pamene panalakwika."

"Iye wasaina zimenezo?"

Awiriwo anayang'anizana.

"Tamutengera komweko ndife, tamusiya ndi amalume ake," mayiwo anatero. "Pepala lili patsogolo pake. Asaina."

"Ndafunsa ngati wasaina, Mayi."

Apa anachita chinthu chimene sindinkayembekezera. Mayi wa makapu a maluwa uja anagwada pasimenti ya m'kanjiramo, anandigwira m'mphepete mwa siketi.

"Mwana wanga, ndakupempha. Bambo ako akula kale, akavomera zangozi atuluka posachedwa. Uyu moyo wake ukungoyamba kumene. Sanadziwe, iwe, sanadziwe za chipewa chanucho! Ndani padziko pano amadziwa kuti chipewa ndi loko? Ukangokhala chete lero lokha, ndikupatsa mwana wanga ndi manja awiri, mtsikana uyu achoka, mukwatirana mwezi uno. Ndili ndi mwana mmodzi yekha."

Zikhadabo anatsegula pakamwa kumva kuti iye achoka, koma palibe anamulabadira.

Ndinawamvera chisoni mayiwo, ndisaname. Ankachita chimodzimodzi chimene ine ndakhala ndikuchita miyezi isanu ndi iwiri, kuimira wawo dziko lonse likunena zina. Kusiyana kwake kunali kwakuti wawoyo anachotsadi chipewa. Ndinawerama, ndinamasula zala zawo pasiketi yanga chimodzichimodzi.

"Dzukani, Mayi, pansi pali fumbi. Inenso bambo ndili ndi mmodzi yekha."

Chitseko cha ofesi chinatseguka. A loya anasuzumira, magalasi ali pamphuno, anayang'ana mayi wogwada, anayang'ana ine.

"Lowani, achemwali. Bambo anu akuti bwanji? Avomera?"

"Akuti ayi."

Anapumira m'mwamba. "Ndiye Lachitatu tikalowa m'khoti chimanjamanja."

"Ayi, bwana. Ndabwera ndi dzina la amene anachotsa chipewa."

Kumbuyo kwanga mayiwo analira mokweza. Ndinalowa, ndinatseka chitseko, ndinakhala pampando. A loya anatsegula kope, anavundukula cholembera, kenako anaima kaye n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Musananditchulire, mudziwe kuti dzina likalowa m'kope umu silitulukanso. Munthuyu ndi ndani wanu?"

"Ndi mwamuna amene ndikufuna kukwatirana naye," ndinatero, misozi ikutsika ine osaipukuta. "Lembani."